Mzere Wofiira

Ganyu wanga ndi woima.
Ndimaima pomwe andiuza, ndodo yamawangamawanga m'manja,
thukuta likutsika msana ngati khwawa la mu Januwale,
a Fulawo a kukhonsolo akusuzumira m'kachipangizo ka miyendo itatu
n'kumakuwa: Cha kumanzere! Bwerera pang'ono! Ima pompo!

Pompo ndi pakati pa mbatata za amayi.

Mapu anabwera atakulungidwa m'paipi.
Atawatambasula pa boneti, Makhanga yense anakwana pansi pa chikhato:
chobiriwira ndi cha ulimi wothirira,
chachikasu ndi msika, chipatala, poimikira basi,
ngakhale basi inatiiwala chaka chomwe mlatho unapita.
Ndiye chofiira.
Chofiira n'chathu.
Apa, akutero a Fulawo, munthu asagonenso.

Ndinayang'anitsitsa. Ruo wa papepala ndi waulemu,
akutsatabe njira imene mwini wake adaisiya kalekale.
Pa mlambe wa a Dinyero ajambulapo madzi.
Pomwe ng'ona inagwira mbuzi dzana
alembapo kuti bwalo la mpira.
Ndinafuna kunena, koma wonyamula ndodo
salipidwa chifukwa cha pakamwa.

Amayi, a Nyathando, sanaweramuke n'komwe.
Afunse, anatero khasu likugwabe,
kodi miyala ya kumtundako imabereka kangati pachaka?
Madzi ndi mlendo wa masiku anayi,
amaswa mbale, inde, koma amasiya dothi lakuda.
Njala ya kumtunda ikalowa m'nyumba
imavula nsapato n'kufunsa pogona.

Sindinamasulire zonse. Chisena china chimaluma.

Komanso ine ndimakumbuka.
Usiku uja tinachezera mumtengo wa mango,
anthu khumi ndi awiri ndi njoka imodzi,
denga la a Jofesi likudutsa pansi pathu, tambala ali pamwamba.
Esinta tinam'mangirira ku nthambi ndi chitenje.
Kutacha tinapeza mfundo yokha.
Manda ake ayambira pano kukafika ku Ndinde,
palibe tepi ingawayeze.

A Fulawo nawo si mfiti.
Masana, pansi pa mtengo wa masawu,
anandigawira chigumu n'kundionetsa pa foni
poloti yathu yatsopano, nambala 214,
mamita makumi atatu uku ndi uku, udzu ndi nsangalabwi.
Mjigo ukubwera. Sukulu ikubwera. Msewu nawo.
Zonse zili m'njira ngati mvula ya chizimalupsa.
Ndatopa, anatero, kulemba mayina a anthu m'malipoti
n'kumaika kamtanda kumapeto.
Ndinati, nanga dimba?
Dimba muzilima, kugona kokha ndiko tikukaniza.
Sindinawauze kuti mvuu imadya usiku,
kuti siyembekeza mlonda atsike phiri
maola atatu wapansi, mwana kumbuyo.

Dzuwa litapendeka tinakumba dzenje,
tinakanda simenti ndi madzi a Ruo yemweyo,
ndipo ine, ndi manja angawa,
ndinaimika bikoni pamutu pa mzere wa amayi.
Ndinasaina. Zala zinasiya matope pa fomu.
Ndalamazo ndinagula mchere, sopo ndi palafini,
amayi analandira ndi manja awiri osafunsa kochokera.

M'mawa ndinawapeza atakhala pambali pake
akunolerapo khasu, mbuzi ataimangirira pomwepo.
Ati, aka n'koyamba boma kutipatsa
chinthu choti madzi sangakokolole.

Tinaseka, ngakhale a Fulawo.

Koma usiku, udzudzu utandikaniza tulo,
ndinaona tochi ikuyenda kudenga.
Anali amayi, akuwerenga malata chamumtima,
milomo yokha ikugwedezeka:
asanu ndi atatu, limodzi lobooka.
Kenako anafunsa mdima, osati ine:
Kodi ngolo ya a Dinyero
amachita zingati kukafika kumtunda?